Kandege ka a Katsekera ndi Injini Imene Ndinasankha

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazifotokoza bwino kuposa ine. Pano ndilemba za ntchito, makamaka za kandege kamene mumakaona pa chithunzi chapabalaza, chifukwa ndamva kuti ena mwa inu mumauza anzanu kuti bambo anu ankayendetsa ndege. Sindinayendetsepo ndege. Ndinali makaniko wake, ndipo ntchito imeneyo ndimainyadira mpaka lero.

Ku Njewa, ntchito yoyamba

Nditamaliza maphunziro a zaumakaniko, ntchito yoyamba ndinaipeza pa galaja ina m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, pa Njewa. Mwini wake anali a Matola, munthu wamfupi wosakonda kuseka, amene ankakonza chilichonse chokhala ndi injini: njinga zamoto, zigayo, mapampu othirira nazale za fodya. Magalimoto akuluakulu ankapita ku tawuni, ife tinkatsala ndi tinjini tating'ono, ndipo ndi mmene manja anga anazolowerera injini za thu sitiroko, zija zimene petulo wake umasakaniza ndi oyilo. A Matola sankalola kuti ndigwire sipanala ndisanamvetsere kulira kwa injini. Ankandiimika pambali pa njinga ya munthu, n'kundifunsa kuti, "Yanena kuti chiyani?" Ndikayankha molakwa, tsiku limenelo ndinkatsuka zitsulo mpaka kuweruka.

Tsiku lina kunabwera bambo wamtali, wathupi, atanyamula pampu kumbuyo kwa pikapu. Anali a Katsekera, eni esiteti ya fodya ndi chimanga cha ku Namitete. Pampuyo ndinaikonza iwo akuyang'ana. Patapita sabata zingapo anabweranso, koma opanda pampu. Anakambirana ndi a Matola kuseri, ndipo a Matola atabwera anangondiuza kuti, "Longedza. Usakandichititse manyazi."

Ku esiteti, zaka zoyamba

A Katsekera anali ndi minda iwiri. Waukulu unali kufupi ndi Namitete, kumene kunali nyumba yawo, galaja ndi zigafa zambiri. Wachiwiri unali kupitirira Nsaru, cha ku Kabudula, tsidya lina la mtsinje umene tinkawoloka pa mlatho wamitengo. Kumeneko kunkakhala matenanti ochokera kummwera, ambiri a ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndi mabanja awo. Ntchito yanga inali mathirakitala, mapampu, chigayo ndi jenereta za minda yonse iwiri. Abwanawo anali munthu waukali pa nthawi, koma pa zitsulo ankamvera. Sanandiuzepo kuti ndimange chinthu ndi waya kuti tsiku lipite. Inu nonse munabadwira m'nyumba ya malata ija kuseri kwa galaja, ndipo amayi anu ankati zovala zanga zinkanunkha dizilo ngakhale pa Sabata.

Vuto lalikulu linali dzinja. Msewu wa ku munda wachiwiri ukaterera, abwana ankatha mwezi osakaonako, ndipo fodya ankaonongeka iwo akungomva pa foni. Mwana wawo wamkazi, mayi Chisomo, atabwerako ku Joni kumene anakaphunzira zaulimi, anabwera ndi nzeru ina. Kumeneko anali ataphunziranso kuuluka pa tindege ting'onoting'ono ta phiko la nsalu, ndipo anali ndi chilolezo chake. Anauza bambo awo kuti kandege kotere kakhoza kumawafikitsa ku munda wachiwiri tiyi asanazizire, komanso kumawaonetsa kuchokera kumwamba pamene mbewu zachita chikasu. A Katsekera anakana kwa chaka chathunthu. Kenako anavomera, koma anati sagula kanthu makaniko wawo asanakaone ndi maso ake. Ndi mmene ndinakwerera basi ya ku Joni, kukaphunzira kwa anthu omanga tindegeti.

Mmene kanapangidwira

Ndikufotokozereni bwino, chifukwa pa chithunzi sizioneka zonse. Pansi pali kangolo ka mapaipi, ka matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. Mipando ndi iwiri yotsogozana: woyendetsa amakhala kutsogolo, wokwera kumbuyo kwake, pamwamba pang'ono, miyendo ili mbali ndi mbali ngati pa kabaza. Kuseri kwa mpando wachiwiriwo kuli injini, ndipo pulopela imakhala kumbuyo kwenikweni, imakankha m'malo mokoka. Kuchokera pa kangoloko pamakwera mzati umodzi, ndipo pamwamba pa mzatiwo pamalumikizidwa phiko lalikulu la ngodya zitatu, la nsalu yolimba yokungidwa pa mapaipi a aluminiyamu ndi mawaya. Kangolo konse, anthu ndi injini yomwe, kamalendewera pa bawuti imodzi. Tsiku loyamba nditaiona bawutiyo ndinafunsa mphunzitsi kawiri ngati sakundiseka. Iye anandionetsa chingwe cholimba chimene chimazungulira pamenepo kuti chigwire ngati bawuti itathyoka, n'kundiuza kuti bawutiyo imasinthidwa isanaoneke kutha.

Chiwongolero mulibe. Pali chitsulo chopingasa cholendewera kuchokera ku phiko, chimene woyendetsa amagwira ndi manja awiri. Akachikankhira kutsogolo kandege kamakwera, akachikokera kumimba kamatsika. Akafuna kukhotera kumanja amachikankhira kumanzere, chifukwa chimene chimakhotetsa ndi kulemera kwa anthu kukapendekera mbali imodzi. Moto amaponda ndi phazi lamanja, buleki ndi lamanzere. Ndinakakonda kandegeka chifukwa kalibe chobisika. Nati iliyonse, waya aliyense, umamuona ndi kumugwira usananyamuke.

Kusankha injini

Nditabwerako tinakhala pakhonde la abwana, atatu: iwo, mayi Chisomo ndi ine. Omanga aja anatipatsa injini zitatu zoti tisankhepo. Yoyamba inali thu sitiroko yaing'ono yozizira ndi mphepo, yopepuka, yotsika mtengo. Yachiwiri inali thu sitiroko yamphamvu, yozizira ndi madzi, yokhala ndi rediyeta. Yachitatu inali fo sitiroko, yonga ya galimoto: yolemera, yodula zedi, koma yosamwa mafuta ndiponso yokhalitsa.

"Tengani yaing'onoyo," anatero a Katsekera. "Tikupita pa Kabudula pompa, osati ku Ulaya."

"Imeneyo singakunyamuleni, bwana," ndinatero. "Kuno ndi kumtunda. Mu Okutobala kukatentha mpweya umapepuka, injini imafooka, phikonso siligwira msanga. Mayi Chisomo okha ingawadzutse, koma inu muli kumbuyo tidzakupezani m'mitengo ya bulugama kumapeto kwa bwalo."

Anaseka, akudzigwira pamimba. Mayi Chisomo ankafuna fo sitiroko. Anati injini zimenezo sizizima chisawawa, ndipo zinali zoona. Ine ndinawauza mbali inayo: kuti fo sitiroko ikadwala zenizeni sindingaitsegule pa esiteti, iyenera kupakiridwa m'bokosi kubwerera ku Joni, ndipo kandege kadzagona miyezi. Yapakatiyo ndingaitsitse ndekha ndi munthu mmodzi, kuimasula pa tebulo, kusintha mapisitoni, mawa lake n'kuibwezera. Ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, imodzi ikafa inayo imapitiriza. Choipa chake imamwa petulo, imafuna oyilo wabwino, ndipo imafuna kutsegulidwa pafupipafupi.

"A Mbewe, wodzaigwira tsiku ndi tsiku ndinu," anatero abwana. "Nenani."

Ndinasankha yapakatiyo. Mayi Chisomo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Chabwino. Koma mukadzanena kuti lero siuluka, ndidzakumverani. Mukadzanena kuti iuluka, ndidzakwera osafunsa." Tinagwirana chanza pamenepo.

Zaka zabwino, ndi zaka za kusowa

Kandegeka kanabwera m'mabokosi, ndipo tinakamanga m'shedi yakale ya feteleza. Tinasalaza bwalo pa munda uliwonse. Akuluakulu oona za ndege anabwera kudzakayendera, n'kutipatsa chilolezo. Mayi Chisomo atakayesa okha, munthu woyamba kukhala pa mpando wakumbuyo ndinali ine, chifukwa sindikanalola wina kukwera pa ntchito ya manja anga ine ndisanakwerepo. Tinathamanga pang'ono, chitsulo chija anachikankha, ndipo kugwedezeka kwa matayala kunangoleka. Ndinaona denga la nyumba yathu, amayi anu ataima pa chingwe cha zovala atagwira pakamwa. Ndinaona madambo akunyezimira, midzi, ngolo za ng'ombe pa msewu wa ku Nsaru. Koma kunena zoona, khutu langa lonse linali ku injini kumbuyo kwa msana wanga, ndipo inkalira mosalala ngati makina osokera.

Kanagwira ntchito zaka zambiri popanda ngozi. Kankanyamula abwana, mankhwala a mbewu, zitsulo za pampu, nthawi zina ine ndi bokosi langa. Kenako zinafika zaka zija mafuta anasowa, anthu n'kumagona pa mizere. Petulo wa m'zigubu ankapezeka, koma wina ankakhala wothira palafini, wina wamadzi. Wa kandege ndinkamusefa ndi nsalu, kumuthira m'botolo loyera, kumusiya akhazikike ndione ngati pansi pali madzi. Wokayikitsa ndinkamupereka ku njinga za akapitawo. Oyilo wa thu sitiroko wabwino anasowanso, ndipo zitsulo zochokera kunja zimene kale zinkafika msanga zinayamba kuchedwa miyezi.

Dzinja limene mlatho unakokoloka

Kumayambiriro kwa dzinja lina, mayi Chisomo atatera anandiuza kuti injini yatentha kuposa masiku onse pokwera. Ndinachotsa ekizozi, n'kuunika ndi tochi pa bowo lake. Pisitoni ya silinda yakumbuyo inali ndi mikwingwirima, ndipo ling'i yake imodzi, kamkombero kachitsulo kozungulira pisitoniyo, sinkasewera bwino. Ndinaitanitsa zatsopano, ndinachotsa mapulagi n'kuwatsekera m'bokosi langa, ndipo pa pulopela ndinamangapo kansalu kofiira. Zitsulozo zinachedwa. Mvula inagwa yosalekeza, ndipo mlatho wa ku munda wachiwiri unapita ndi madzi.

M'mawa wina kutangocha bwino, dzuwa litatuluka, ndinaona mayi Chisomo akuthamangira ku shedi, bambo awo akubwera pambuyo ndi ndodo. Kapitawo wa ku munda wachiwiri anali ataimba foni. Mkazi wa a Namakhwa, tenanti wina wa kumeneko, anali pa matenda a uchembere kuyambira dzulo lake, mwana sankatuluka, ndipo amayi omuthandiza anali atanena kuti zawakanika. Kufupi ndi munda wathu waukulu kunali chipatala chamishoni chochita opaleshoni. Pa kandege unali ulendo waufupi. Pa msewu, ndi matope aja komanso popanda mlatho, linali tsiku lathunthu.

"A Mbewe, bwezerani mapulagi," anatero mayi Chisomo.

"Injini ili ndi bala, mayi. Munaliona nokha."

"Koma inatifikitsa tsiku lija. Ingalephere ulendo umodzi wokha?"

"Ikhoza kufika. Koma muyenera kunyamuka kawiri, ndipo kachiwiriko pa bwalo lonyowa, muli ndi munthu kumbuyo, moto wonse mutaponda. Pisitoni yotere imagwira nthawi imeneyo. Kukanakhala chilimwe ndikanati ikazima mutera m'munda uliwonse. Lero madambo onse ndi madzi, minda yonse ndi mizere ya fodya. Tayala lakutsogolo likangozika, kangolo kamagudubuzika."

"Moyo ndi wanga, a Mbewe. Ndasankha ndekha."

"Popita ndi wanu nokha. Pobwera si wanu nokha."

Anatembenukira kwa bambo awo, misozi ili m'maso. "Adadi, auzeni." A Katsekera anayang'ana kandege, anayang'ana mwana wawo, kenako ine. Anati, "Ine injini sindiidziwa. Mawu ndi anu, a Mbewe." Ndikanakonda akanandilamula, kaya mbali iti. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mayi amene sindinkamudziwa nkhope, ali pa mphasa tsidya la mtsinje. Makiyi a bokosi anali m'thumba langa, ndipo kubwezera mapulagi sikukanatenga nthawi. Ndinati, "Siuluka. Tengani pikapu, ine nditsogola ndi thirakitala. Imbirani kapitawo awanyamule abwere nawo pa mtsinje."

Mayi Chisomo anapita kukaliza pikapu. Tinayenda motsogozana, pena pikapu ikuyenda yokha, pena ndikuikoka ndi tcheni. Kupitirira Nsaru tinatitimira malo angapo, ndipo anthu a m'midzi ankabwera ndi makasu osawaitana. Titafika pa mtsinje tinapeza matenanti ali kale tsidya linalo, mayi uja atamugoneka pa chitseko. Ndinamanga chingwe ku thirakitala, mnyamata wina wodziwa kusambira anachiwolotsa n'kukachimanga ku mtengo. Amuna anasenza chitseko pamapewa, dzanja lina atagwira chingwe, madzi akuwafika m'chifuwa. Mwamuna wake anali patsogolo, ndipo sanayang'ane madzi ngakhale kamodzi, maso anali pa mkazi wake. Tinafika ku chipatala dzuwa litapendeka. Mayi Esinati, ndilo linali dzina lawo, anapulumuka. Mwanayo, wamwamuna, anamutulutsa atamwalira kale. Mayi Chisomo anafunsa adokotala ngati kufika m'mawa kukanasintha zinthu, ndipo anawayankha kuti palibe angadziwe.

Pambuyo pake

Kwa nthawi ndithu mayi Chisomo ankangondipatsa moni ndi kundiuza ntchito. Sindinawadandaule. Zitsulo zitafika ndinawaitana kuti titsegule injini limodzi. Ling'i ija inali yosweka, koma zidutswa zake zinali zikadali m'malo mwake. Pisitoni inali yokalika mbali imodzi. Anaitembenuza m'manja, n'kuiika pa tebulo. "Simunaname," anatero. "Koma inenso mwina sindinalakwe." Ndinavomera kuti ndi choncho. Kenako ndinawauza chimene ndinali nditaganiza kale: kuti nthawi yakwana yogula fo sitiroko. Injini imene ndinasankha inali yoyenera pa zaka zimene zitsulo zinkafika msanga ndi oyilo ali m'sitolo, ndipo inatitumikira bwino. Zaka zimenezo zinali zitapita. Tinkafunika injini yotha nthawi yaitali osatsegulidwa, ngakhale zinatanthauza kuti ine ndidzangokhala wosintha oyilo ndi mapulagi. Chaka chotsatira inabwera. Tinalimbitsa pomangira pake, tinasuntha polendewera kangolo kuti kulemera kulingane, ndipo inauluka mpaka ine kupuma ntchito. A Katsekera anamangitsanso mlatho uja ndi simenti.

Koma fodya wa chaka chimenecho atagulitsidwa, injini yatsopano isanafike, kunabwera mlendo ku shedi. Anali a Namakhwa, mwamuna wa mayi Esinati, atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Anati banja lawo likubwerera ku Phalombe, ndipo sanafune kupita asanandione. Ndinawapatsa mpando, ine n'kukhala pa chigubu.

"Akuti munakaniza ndege ndinu, eti?"

"Ndine, bambo."

"Abwana sanakuuzeni?"

"Ayi. Anandisiyira ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Anthu kumunda kuja amanena zambiri. Ena akuti munaumira petulo. Ena akuti ndege si ya matenanti. Ine ndinati ndikamve kwa mwini wake."

Ndinadzuka, ndinakatenga pisitoni ija pa shelefu, n'kuwapatsa. Ndinawaonetsa mikwingwirima, ndi pamene ling'i inasweka. Ndinawafotokozera mmene chitsulocho chimathamangira m'kati, ndi chimene chimachitika chikagwira. Anamvetsera zonse, chala chawo chikuyenda pa mikwingwirimayo.

"Kodi ikanafika?" anafunsa.

"Sindidziwa, bambo. Mwina ikanafika, ndipo mwana wanu bwenzi pano ali kumsana. Mwina ikanazima pamwamba pa dambo, ndipo bwenzi mutaika awiri, abwana anga n'kuikanso wawo. Ndinasankha osadziwa. Litabweranso tsiku lomwelo, ndingasankhe chimodzimodzi. Sindikunamizani kuti mtima wanu ukhale pansi."

Kunja anyamata ankakweza mabelo otsala mu lole. Kenako a Namakhwa anatulutsa kampango m'thumba la jekete, n'kukayala pa bondo.

"Chitsulochi chili ndi ntchito?"

"Chilibe."

"Ndiye ndipatseni. Amayi a kunyumba amandifunsa kuti chinachitika n'chiyani, ine ndimasowa chowayankha. Ndikawaonetse pamene panakalikapa, ndikawauzenso mmene mwandiuziramu."

Pisitoniyo anaikulunga bwinobwino, anaiika m'thumba la m'kati, n'kuvala chipewa. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu waukulu, ndipo tinaima limodzi kudikira minibasi.